Batire ya gel ndi chisanu cha ku Tsangano

Mwezi wa Juni ukangolowa, kumtunda kwa Ntcheu madandaulo a mabatire amachuluka. Ku Lizulu, ku Mlangeni, ku Tsangano ndi m'midzi yotsatana ndi malire a Mozambique, nyali ya sola imayamba kuzilala ana asanamalize kuwerenga, kanema wa pa vidiyo sho amazima mpira uli mkati, ndipo wotchaja mafoni amabweza makasitomala kuti moto wachepa. Zifukwa zake aliyense amakhala nazo. Wina amati chisanu chadya batire. Wina amati batire ya gel ndi youma, choncho singafanane ndi ya madzi. Winanso amati phala la mkatimo lagwirana ndi kuzizira, magetsi akusowa podutsa, ndipo mankhwala ake ndi kuibowola n'kuthiramo asidi watsopano.

Maganizo amenewa sindiwatenga ngati umbuli. Amachokera kwa anthu amene amagona ndi batire m'nyumba ndipo amaiona mmene imasinthira nyengo ikamasintha. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja opitirira theka m'Malawi amaunikira ndi matochi kapena nyali za mabatire, pomwe olumikizidwa ku magetsi a ESCOM anali pafupifupi 11 pa mabanja 100 alionse. M'boma ngati la Ntcheu, lomwe anthu ake ambiri ali kutali ndi mawaya otsata msewu wa M1, batire ndi chuma chogulidwa ndi ndalama ya kachewere, kabichi ndi tomato wa chaka chonse. Munthu wotere ali ndi ufulu wodziwa chimene chikuchitika mkati mwa bokosi limene analigula modula. Ndipo zina mwa zimene amanena ndi zoona ndithu, kungoti chifukwa chake chili pena.

Magetsi a batire amayenda njira ziwiri nthawi imodzi. Kunja amadutsa mu waya kupita ku babu kapena ku wailesi. Mkati mulibe waya wolumikiza mbali ziwirizo. Chimene chimatseka mzerewo ndi tizidutswa tating'onoting'ono tonyamula magetsi, totchedwa maayoni, tomwe timasambira m'madzi a batire kuchoka mbali ina kupita ina. Mu batire ya galimoto madziwo ndi asidi wa sulphuric wosungunulidwa m'madzi, ndipo mbali ziwirizo ndi mapuleti a mtovu, monga anakonzera Gaston Planté wa ku France mu 1859. Maayoni akamayenda momasuka, batire imapereka moto wake mosanyinyirika. Akamavutika kuyenda, mphamvu imakhalamo koma imatuluka pang'onopang'ono, ndipo ina imawonongekera mkati momwemo ngati kutentha.

Tsono funso ndi lakuti, chimachedwetsa maayoni n'chiyani? Apa maganizo a pamudzi ndi a akatswiri amagwirizana poyamba. Mu 1906, Paul Walden, katswiri amene ankagwira ntchito ku Riga, anatenga mchere umodzi n'kuusungunula m'zamadzimadzi zosiyanasiyana, zina zoyenderera, zina zonanda. Anapeza kuti kunanda kukamakula, kayendedwe ka magetsi kamatsika pa mlingo womwewo: kunanda kukawirikiza kawiri, maayoni amayenda theka la liwiro lawo. Mpaka lero mfundo imeneyi imatchulidwa ndi dzina lake. Kuzizira nakonso kumanandiritsa zamadzimadzi zilizonse. Madzi akumwa enieniwa, pa madigiri 5 amakhala onanda kuposa pa madigiri 25 ndi magawo pafupifupi 70 pa 100, ngakhale maso athu saona kusiyanako. Asidi wa mu batire amachita chimodzimodzi. Choncho amene amati batire imafooka usiku wa Julaye ku Tsangano sakunama. Batire ya mtovu imene imapereka mphamvu yake yonse pa madigiri 25 imapereka pafupifupi magawo 80 pa 100 okha kukazizira kufika pa digiri 0, ndipo pa madigiri 10 kuchepako kumakhala kwayamba kale kuoneka.

Pomwe chikhulupirirocho chimasochera ndi pa mawu oti chisanu chadya. Chisanu sichidya kanthu. Mphamvu imene batire yalephera kutulutsa m'bandakucha imakhala ikadali momwemo, ndipo kukafunda imatuluka. Makolo athu anazindikira zimenezi kalekale pa mabatire a wailesi. Ndani sanaonepo mabatire atayalidwa pamwala kapena padenga la nkhokwe kuti aothere dzuwa, madzulo n'kuwabwezera mu wailesi kuti amvere uthenga wa maliro kapena nkhani? Njira imeneyi imagwiradi ntchito, kwa kanthawi. Dzuwa silimathira moto watsopano mu batire yotereyi. Limangofunditsa za mkati kuti maayoni ayende mopepuka, ndipo kupumula kwa maola angapo kumapatsa mpata zinthu zimene zinaunjikana pamalo amodzi kuti zimwazike. Chotsalira chomwe chinali chobisika chimapeza njira. Chikatha chimenecho ndiye kuti yatheratu, ngakhale muiyanike sabata yathunthu.

Vuto lalikulu limabwera munthu akatenga mfundo yoonayi n'kuigwiritsa ntchito pa gel. Amati, ngati kunanda pang'ono kumachedwetsa magetsi, nanga chinthu cholimba choti ngakhale mutazondotsa batire sichitayika? Kuganiza kotere n'komveka, koma zoona zake n'zakuti kulimba kumene dzanja limamva si kulimba kumene ayoni imakumana nako.

Taganizirani msuzi wa mang'ina umene wagonera mumphika usiku wa chisanu. M'mawa mumaupeza utaundana, woti mutha kuudula ndi supuni n'kuimirira wokha. Pambali pake ikani uchi. Uchi umayenda, mukapendeketsa botolo umatsika. Msuzi woundana suyenda n'komwe. Aliyense anganene kuti msuziwo ndiye wolimba kwambiri. Koma mutati muyeze kuti magetsi akudutsa bwino pati, msuzi woundana uja umausiya kutali uchi. Mu uchi, kadontho kalikonse n'konanda mpaka mkati mwake, chifukwa shuga ndiye wochuluka ndipo madzi ndi ochepa kwambiri, kotero kanthu kalikonse kofuna kuyendamo kamakanirira. Mu msuzi woundana, chimene chagwira ndi timaulusi tatitali tochokera ku khungu ndi mitsempha ya ng'ombe, tomwe tikazizira timakolana n'kupanga ukonde. Timaulusi timeneti tikangokwana magawo 2 kapena 3 pa 100, msuzi wonse umaima. Zotsalazo ndi madzi wamba, oyenderera ngati kale, atangotsekeredwa m'timabowo ta ukondewo. Supuni ndi yaikulu, imagunda ukonde n'kumva kulimba. Ayoni ndi yaing'ono koopsa, yosafika ngakhale gawo limodzi la milimita imene mwaigawa ka 1 miliyoni, moti kwa iyo kabowo ka ukonde ndi dziwe lotakasuka. Imasambira m'madzi amene aja osadziwa n'komwe kuti mphika wonse waundana.

Zimenezi si zatsopano kwa akatswiri. Thomas Graham wa ku Scotland anaonetsa mu 1861 kuti mchere umafalikira mu zinthu zoundana motere pa liwiro losasiyana kwenikweni ndi la m'madzi. Timaulusi tatitali tomwe timapanga ukondewo ndi timene timatchedwa polima. Sitachi wa mu ufa ndi polima, mapulasitiki ndi mapolima. Ndipo pano pali chinthu chimene chimandisangalatsa kwambiri: batire yaikulu ya wailesi imene timaitcha youma siinaumepo. Carl Gassner wa ku Germany atakonza batire yoyamba yosatayika m'ma 1880, anaundanitsa madzi ake ndi pulasitala, ndipo opanga a pambuyo pake anasinthira ku sitachi ndi ufa wa tirigu. Mabatire ambiri otsika mtengo a kukula kumeneko amapangidwabe ndi phala la sitachi lonyowa ndi madzi a mchere. Kunena kwina, midzi ya Ntcheu yakhala ikumvera wailesi kudzera mu gel ya polima kwa zaka zambiri mawu oti gel asanafike pa sitolo.

Batire ya gel ya sola imayendera nzeru yomweyo, ngakhale ukonde wake si wa sitachi, chifukwa asidi akanaudya. Otto Jache wa kampani ya Sonnenschein ku Germany ndiye anaikonza mu 1957. Anasakaniza asidi wa batire ndi fumbi losalala kwambiri la silika, chinthu chomwe chimapanga mchenga. Timibulu ta fumbilo timagwirana n'kupanga ukonde, ndipo silika wosafika magawo 10 pa 100 amakwanira kuimitsa asidi yense. Choncho batire ya gel ndi ya madzi ngati inzake, kungoti madziwo amangidwa. N'zoona kuti maayoni amazungulira pang'ono kulambalala timibuluto, ndipo n'chifukwa chake batire ya gel si yabwino kwenikweni pa ntchito yofuna moto wambiri nthawi imodzi, monga kuliza injini ya lole. Koma pa nyali, wailesi, kanema ndi kutchaja mafoni, zomwe zimakoka pang'onopang'ono usiku wonse, kuchedwa kumeneko sikuoneka.

Kulimbako kulinso ndi phindu lake lomwe ambiri saliganizira. Mu batire ya madzi imene imangokhala pakona osagwedezeka, asidi wolemera amatsikira pansi, pamwamba n'kutsala wosukuluka. Pansi pa mapuleti pamadyeka, pamwamba posagwira ntchito mokwanira. Batire ya galimoto imapulumuka chifukwa cha mabampu a mumsewu, omwe amaitakasa tsiku ndi tsiku. Ya m'nyumba ilibe woitakasa. Ukonde wa gel umaletsa kutsika kumeneku. Umaletsa madzi onse kuyenda pamodzi, koma umalola ayoni iliyonse kuyenda payokha. Nzeru yonse ya gel yagona pamenepo.

Mufoni imene ili m'thumba mwanu nkhani ndi yomweyi, koma inadutsa njira yaitali isanafike. Mu 1973, Peter Wright ndi anzake ku Sheffield ku England anapeza kuti polima ina yotchedwa PEO imatha kusungunula mchere popanda dontho la madzi ndipo magetsi amadutsamo. Mu 1978, Michel Armand wa ku France anaona kuti zimenezi zingapange batire ya lithium yopanda chotayika ndi chogwira moto msanga. Maganizowo anali abwino, koma apa ndi pomwe chikhulupiriro chathu chija chimakhala choona kotheratu. Mu polima youma mulibe dziwe losambiramo. Ayoni ya lithium imagwiridwa ndi ulusi wa polimayo, ndipo imasuntha pokhapokha ulusiwo ukagwedezeka n'kuipatsira ku ulusi wina. Ulusi ukauma gwa, ayoni nayo imaima. Pa kutentha kwa m'nyumba, magetsi amadutsa mu polima yotere mochepera ka 1,000 kapena kuposa poyerekeza ndi m'zamadzimadzi. Imayamba kugwira ntchito bwino ikatenthedwa kufika madigiri 60 mpaka 80. Magalimoto amagetsi a kampani ya Bolloré, omwe ankabwerekedwa mumzinda wa Paris kuyambira mu 2011, anali ndi mabatire otere, ndipo ankafunika kuwasunga ali otentha ngakhale galimoto itaima.

Palibe amene angayende ndi foni ya madigiri 70 m'thumba. Njira inali kubwerera ku ukonde wosunga zamadzimadzi. Feuillade ndi Perche, akatswiri a ku France, anali atayesa kale mu 1975 kunyowetsa polima ndi zamadzimadzi zokhala ndi mchere wa lithium. Mu 1993, Odile Bohnke ndi anzake, ku France komweko, anachita kafukufuku amene amaonetsa mfundoyi poyera. Anatenga madzi a batire ya lithium n'kumathiramo pang'onopang'ono PMMA, pulasitiki yoonekera mkati imene imapanga zotchingira nyali zakumbuyo kwa galimoto. Kunanda kwa chosakanizacho kunakwera mowirikiza kambirimbiri mpaka chinaundana, koma kayendedwe ka magetsi kanangotsika pang'ono. Mfundo ya Walden ikanagwira ntchito pa kulimba koonekako, magetsi akanatheratu. Sanathe, chifukwa kunanda kumene kumalamulira ayoni ndi kwa timadzi tomwe tayizungulira. Kampani ya Sony, imene inayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion mu 1991, inatulutsa a gel ya polima mu 1999, ndipo mabatire opyapyala okutidwa m'kathumba kofewa anafala kuchokera m'nyengo imeneyo.

Izi sizikutanthauza kuti mutha kumangothira polima mopanda malire. Ikachuluka, timabowo timachepa, njira zimakhotakhota, madzi enieniwo amachepa, ndipo maayoni amayamba kukodwa m'maulusi. Pamenepo magetsi amatsika mofulumira. Wopanga batire amakhala akusaka pakati: ukonde wokwanira kuti chisatayike, koma wosapitirira n'kutseka njira. Ngakhale madzi a mkati mwa ukondewo amasankhidwa moganizira kunanda. Mabatire ambiri a lithium amasakaniza mitundu iwiri ya zosungunulira. Ina, yotchedwa EC, imasungunula mchere bwino kwambiri koma ndi yonanda, moti payokha imakhala yolimba mpaka itafunda kufika madigiri 36. Inzake, monga DMC, ndi yoyenderera kuposa madzi koma siitha kulekanitsa mchere bwino. Akaziphatikiza, imodzi imamasula maayoni, inayo imawapatsa njira yopepuka.

Kuchokera apa n'kosavuta kuona chifukwa chake kuthira asidi mu batire yofooka si mankhwala. Maganizo ake amati asidi ndiye mphamvu, ndiye akachuluka mphamvu ichuluka. Poyamba zimaterodi: mukamaonjezera asidi m'madzi, maayoni amachuluka ndipo magetsi amadutsa bwino. Koma asidi yemweyo ndi wonanda ngati mafuta, ndipo akapitirira magawo pafupifupi 30 pa 100, kunandako kumayamba kupambana ndipo madzi omasula maayoni amachepa. Kayendedwe ka magetsi kamayamba kutsika m'malo mokwera. Opanga mabatire amaika asidi pafupi ndi nsonga imeneyi, kupitirirako pang'ono batire ikakhala yodzaza. Woonjezera asidi amaikankhira kutali ndi nsongayo, ndipo asidi woopsayo amadya mapuleti msanga. Batire imaoneka ngati yadzuka kwa masiku angapo, kenako imafa osadzukanso. Mchere wa mu batire ya lithium ulinso ndi nsonga yake yotere, ndipo ukapitirira magetsi amatsika pa chifukwa chomwecho. Mu batire ya madzi chimene chimatha ndi madzi, osati asidi, choncho chobwezeramo ndi madzi a batire ogula m'botolo, omwe alibe mchere uliwonse. Madzi a pamjigo ali ndi miyala yosungunuka imene imawononga mapuleti. Koma batire ya gel siitsegulidwa n'komwe. Madzi othira pamwamba salowa bwino mu ukonde umene unauma kale, ndipo mukathyola tizitseko take mpweya wakunja umalowa n'kuwononga mapuleti.

Tsono ngati chisanu chimangochedwetsa, chimene chimapha batire ya gel n'chiyani? Ndi kuuma, ndipo kuuma kumabwera ndi kutentha ndi kutchaja mopyola muyezo. Batire ikadzaza koma moto n'kumalowabe, madzi a mkati amayamba kusweka n'kusanduka mpweya. Gel ili ndi njira yake yobwezera madziwo: ikamakalamba imachita timing'alu tating'ono, mpweya wa okosijeni umadutsa m'timing'aluto kupita ku puleti ya mbali inayo, komwe umasandukanso madzi. Njira imeneyi imatha kulimbana ndi mpweya wochepa. Ukachuluka, kachitseko kotetezera kamatseguka, mpweya umatuluka, ndipo madzi amenewo apita osabwerera. Madzi akamachepa, asidi wotsala m'timabowo amananda, gel imanyala n'kusiyana ndi mapuleti, ndipo njira ya maayoni imaduka. Pamenepo mawu aja oti phala lauma amakhala oona, koma waliumitsa ndi moto wopitirira, osati Juni.

Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa, chifukwa kutayika kwake n'kopeweka. M'nyumba zambiri panelo imalumikizidwa ku batire mwachindunji popanda regyuleta, poti ndalama inathera pa panelo ndi batire. Panelo yolembedwa kuti ndi ya mavoti 12 imatha kukankha mavoti 18 kapena kuposa dzuwa likaswa mtengo, pomwe batire ya gel siifuna kupitirira mavoti 14.1 mpaka 14.4, malinga ndi zimene wopanga walemba pambali pake. Masana alionse owala, batire ikadzaza, panelo imapitiriza kuiphika. Kachipangizo kamene kakanaletsa zimenezi mtengo wake ndi kagawo kochepa ka mtengo wa batire. Wogulitsa amene amalola kasitomala kunyamula batire ya gel osamufotokozera za regyuleta, kapena osamuonetsa posankhira mtundu wa batire pa regyuletayo, sanamuthandize.

Ntcheu ndi boma labwino kuonerapo kusiyana kwa kuzizira ndi kutentha, chifukwa lili ndi zonse ziwiri. Kumtunda, m'mapiri a Kirk Range, usiku wa Juni ndi Julaye umatsika pansi pa madigiri 10. Mukatsetsereka chakum'mawa kulowa m'chigwa cha Bwanje, ku Sharpevale ndi ku Kasinje, Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mumatentha kuposa pamenepo. Munthu wa kuchigwa amasangalala kuti batire yake ndi yamphamvu, ndipo akunena zoona: kutentha kumapeputsa madzi a mkati, maayoni amathamanga. Koma kutentha komweko kumafulumizitsanso dzimbiri la mapuleti ndi kuuma kwa gel. Opanga mabatire a mtovu amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire umadulidwa pakati. Ndiye batire ziwiri zofanana, zosamalidwa mofanana, ya ku Tsangano idzadandaulitsa mwini wake m'miyezi yachisanu koma idzakhala zaka zambiri, pomwe ya ku Bwanje idzamusangalatsa n'kumusiya msanga. Ku Golomoti, m'boma loyandikana nalo la Dedza, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022, okhala ndi mabatire a lithium a mamegawati 5. Mabatire akuluakulu otere amasungidwa m'makontena okhala ndi zoziziritsira, chifukwa mainjiniya amaopa kutentha kuposa kuzizira. Pakhomo, mfundo yomweyi ikutanthauza kuika batire pansi, pamthunzi, podutsa mphepo, kutali ndi denga lamalata ndi mbaula. Kuiotcha padzuwa kapena pafupi ndi moto kuti idzuke, monga tinkachitira ndi mabatire a wailesi, n'kugula usiku umodzi ndi miyezi ya moyo wake. Pa batire ya foni ndiye n'koopsa, chifukwa madzi ake amayaka.

Mawu oti pansi ndawanena dala. Ambiri amakhulupirira kuti simenti imayamwa moto wa batire, ndipo amaikhazika pa thabwa. Kale, mabokosi a mabatire ali a matabwa kapena a labala wolimba amene ankachita ming'alu, chinyezi cha pansi chinkatha kubadi moto. Mabokosi a masiku ano ndi a pulasitiki yosadutsa magetsi, ndipo kuzizirira kwa simenti kumaithandiza batire. Thabwalo silolakwika, makamaka ngati pansi pamalowa madzi nthawi ya dzinja. Chofunika kwambiri ndi kupukuta fumbi ndi chinyezi pamwamba pake, pakati pa mitu iwiri ija, chifukwa pamenepo ndi pomwe moto umatha kudutsa mobisa.

Komabe madandaulo a Juni sangathe ndi kunanda kokha. Kuzizira kwa kumtunda kwa Ntcheu kumachotsa gawo laling'ono la mphamvu, osati theka. Chachikulu n'chakuti batire imagona ndi njala. Mu Juni usana umafupika ndi maola pafupifupi awiri poyerekeza ndi Disembala, dzuwa limadutsa motsika chakumpoto, ndipo nkhungu ndi mitambo zimaphimba mapiri mpaka m'mawa kwambiri. Panelo imakolola zochepa pa nthawi yomwe usiku watalika ndipo nyali zikuyaka maola ambiri. Ngati panelo inagonekedwa padenga loyang'ana kummwera, kapena yakutidwa ndi fumbi la chilimwe, zinthu zimaipiraipira. Kuno kwathu panelo iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono. Batire imene imagona yosadzaza tsiku ndi tsiku imamera timiyala toyera pa mapuleti ake. Timiyalati timapangika nthawi zonse batire ikamagwira ntchito ndipo timasungunuka ikatchajidwa, koma tikakhalitsa timakula n'kuuma, osasungunukanso. Tikatero timatsekera asidi mkati mwake, madzi otsala amasukuluka, maayoni amachepa. Imeneyi ndiye imfa yeniyeni ya mabatire ambiri a m'nyengo yozizira, ndipo chisanu chimangosenzetsedwa mlandu poti chinalipo. Njira yopewera ndi yosafuna ndalama: m'miyezi imeneyi kuchepetsa zolumikiza, kusaikama batire kupitirira theka, komwe ndi pafupifupi mavoti 12.1 ikapumula, ndiponso kamodzi pa sabata kuisiya tsiku lathunthu kuti idzaze osakokako kanthu.

Pogula, ndi bwino kudziwanso kuti si batire iliyonse yolembedwa GEL imene ili ndi gel mkati. Pali mtundu wina wotsekedwa, wa AGM, momwe asidi amanyowetsedwa m'nsalu ya timaulusi tagalasi. Nawo ndi wabwino pa ntchito yake, ndipo mabatire ambiri a njinga zamoto za kabaza ndi otere, koma pamsika mayina awiriwa amasokonezedwa. Chimene sichinama ndi kulemera. Mphamvu ya batire ya mtovu imadalira mtovu umene ulimo, ndipo batire yeniyeni ya 100Ah imalemera pafupifupi makilogalamu 30. Yolembedwa 100Ah koma yonyamulika ndi dzanja limodzi mosavuta ilibe zimene yalonjeza, kaya ndi ya gel kaya ndi ya madzi.

Batire ikafa, gel yake youmayo imakhalabe ndi asidi woti n'kuwotcha khungu ndi maso, ndipo mapuleti ake ndi mtovu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndiwo amavulala kwambiri, chifukwa mtovu umawononga ubongo umene ukukula. Kuswa batire pabwalo, kutaya za mkati mwake kuseri kwa nyumba komwe nkhuku zimapalasa, kapena kusungunula mtovu pambaula yophikira, kumasiya fumbi limene limakhala m'dothi zaka zambiri. Batire yakufa isungidwe yosaswa, yoimirira, pamalo ouma posafika ana, kufikira itaperekedwa yathunthu kwa ogula mabatire akale kapena kusinthitsidwa pogula yatsopano. Batire ya foni ikatupa mpaka kukankha chivundikiro, ndiye kuti madzi a mkati mwake ayamba kusanduka mpweya. Imeneyo isabooledwe ndi singano kuti iphwe, isatchajidwenso, ndipo isaponyedwe pamoto wa zinyalala.